Batire Lowonjezera ndi Bulauzi ya Mayi Anga Aang'ono

Mayi anga aang'ono anandilera kuyambira pamene mayi wondibala anamwalira, ndipo pa zaka zonsezo anandipempha chinthu chimodzi chokha. Tsiku lina nditapita kukawaona ku Pamodzi, ku Ndola, ndinawapeza atayala pabedi yunifomu yawo ya amayi a mpingo: bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera. Sinali imene ankavala Lachinayi lililonse. Inali imene anavekedwa tsiku limene analandiridwa m'gulu la amayi, atangokwatiwa kumene ndi kalaliki wa pamgodi. Ukalamba unali utawachepetsa thupi mpaka yunifomuyo inayambanso kuwakwana.

"Tenga upite nayo ku Kitwe," anatero. "M'nyumba muno chinthu sichikhala. Uyu wabwereka, uyo wabwereka. Tsiku langa likadzafika, udzandiveke iweyo. Enawa kolala amaisita ngati akusita thumba la makala."

Ine ndine mphunzitsi wa zosoka ndi zosamalira pakhomo, ndipo ntchitoyi ndinaiphunzira kukoleji, sindinangoitola. Yunifomuyo ndinaiika m'tiranki yachitsulo pamodzi ndi mankhwala a njenjete. Chaka chilichonse mvula ikatha ndinkaitulutsa, kuichapa, kuiviika mu sitachi ya chinangwa, kuisita, n'kuibwezera. Ndimakhala ndekha chimwalirire bambo a kunyumba kwanga, ndipo makiyi a nyumba yanga sakhala ndi munthu wina aliyense. Anthu amandinena chifukwa cha zimenezi. Koma m'nyumba mwanga simunasowepo ngakhale supuni.

Galimoto imene ndimayendera ndi yaing'ono, yoyendera magetsi. Anandiumiriza kuitenga ndi mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ku Lusaka, ati kuti ndisamavutike ndi mafuta. M'tauni muno imayenda bwino ndipo ilibe phokoso, ngakhale makondakitala a maminibasi amaikuwiza kuti ndi firiji ya matayala. Vuto lake linali msewu wa ku Ndola. Batire lake likadzaza linkandifikitsa ku Pamodzi, n'kundibweza mpaka pakatikati pa njira, basi. Choncho ulendo uliwonse wokaona mayi unkasanduka wopempha soketi. Ndinkadutsitsa nthambo pawindo la chipinda chodyera, n'kukhala pansi kudikira magetsi amene amabwera nthawi imene afuna. Kangapo konse ndinagona kumeneko ndisanakonzeke, ndilibe ngakhale mswachi, mawa lake ndili ndi kalasi.

Nditatopa nazo, ndinapita kusitolo ina pafupi ndi msika wa Chisokone kumene amagulitsa mabatire owonjezera. Batire lake ndi lofanana ndi sutikesi yaikulu, lolemera moti amalinyamula amuna awiri. Amaliika kubuti, kulimanga ndi lamba, n'kulilumikiza ndi nthambo yonenepa. Batire la galimoto likatsala pang'ono kutha, umadina batani pafupi ndi chiwongolero, lowonjezeralo n'kuyamba kugwira ntchito. Pamwamba pake pali kabatani kena kamene ukakadina timagetsi tobiriwira timayaka kusonyeza mphamvu imene yatsala. Ndi mabatire awiriwo ndinkatha kupita ku Ndola, kubwerera ku Kitwe, n'kupitanso ku Ndola osatchaja.

Mwini sitoloyo anandionetsa monyadira masoketi awiri amene anali m'mbali mwa batirelo.

"Ba mayo, ichi n'chabwino kwambiri," anatero. "Malaiti akapita mumangolitsitsa. Firiji, wailesi, mafoni, chilichonse."

"Ine ndagula batire la galimoto," ndinamuyankha. "Masoketiwo muwatseke."

Iye anaseka, akuganiza kuti ndikunena zanthabwala. Sanawatseke.

Uthenga wa imfa ya mayi unandipeza kusukulu, ndili pakati pophunzitsa atsikana kupinda mpendero wa siketi. Kwathu munthu akamva kuti kholo lake latisiya sapita kaye kunyumba kukasankha zovala. Ndinatsanzika kwa mphunzitsi wamkulu, ndinamanga chitenje chimene chimakhala m'galimoto, ndinagula thumba la ufa, kabichi ndi shuga panjira, n'kulunjika ku Ndola. Mabatire onse awiri anali odzaza, chifukwa dzulo lake magetsi anali atatichitira chifundo. Yunifomu sindinaiiwale ngakhale pang'ono. Maganizo anga anali akuti ndikaonekere pasiwa, ndigone kumeneko, mawa lake ndibwerere kudzaitenga.

Ndinapeza mipando itatulutsidwa kale panja, amayi atakhala pansi m'nyumba, abambo akuimika tenti. Pachipata anandilandira mlongo wanga, mwana wa mayi aang'onowo, amene ndi wamng'ono kwa ine ndipo amagwira ntchito m'maofesi a pamgodi.

"Asisi, makiyi," anatero. "Titsitse katundu, ndiponso tisunthe galimoto. Apa tiika mabenchi."

Ndinamupatsa makiyiwo n'kulowa m'nyumba ndikulira. Monga mwana wamkulu wa pakhomopo, anandikhazika pakona, pafupi ndi khomo la chipinda cha malemu, ndipo aliyense wobwera ankagwada pamaso panga kudzapepesa.

Mawa lake ndinaitana mayi wapampando wa gulu la amayi a mpingo wa ku Pamodzi, amene ankayendetsa zonse za m'nyumbamo. Ndinawafotokozera za yunifomu, n'kuwauza kuti ndikufuna ndithamangire ku Kitwe.

"Ba Ticha, anthu akuchokera ku Mufulira, ku Chingola, ku Luanshya," anatero. "Akafika apepesa ndani? Khoma? Khalani pansi. Mupita."

Tsiku lotsatira ndinapemphanso. Anati achibale a ku Malawi ali m'njira, ndipo sikukanakhala ulemu kuti ayende mtunda wonsewo n'kupeza pakona palibe munthu. Ndinawauza kuti galimoto yanga siuluka. Anandiyankha kuti Kitwe si kutali. Pomaliza tinagwirizana kuti ndinyamuke m'mamawa wa tsiku loika maliro, ndikatenge yunifomu, ndikawapeze amayi a mpingo kumochale dzuwa lisanakwere, ndiwaveke mayi, kenako tonse tipite kutchalitchi. Ndinaona kuti nthawi inalipo yokwanira, ndipo mphamvu m'galimoto inalipo yokwanira. Ndinavomera.

Masiku onse amene ndinakhala pakonapo, ku Pamodzi kunalibe magetsi. Komabe ndinkamva limba la kwaya likulira panja, mawu a mlaliki akutuluka pa chokuzira mawu, ndipo masana atsikana ankatibweretsera madzi ozizira. Ndinaganiza kuti wina wabwereketsa jenereta. Ndikukumbukira kuti ndinayamikira mumtima kuti jenereta yake inali yaulemu, yosasokosera pamaliro.

Tsikulo litafika, kutangoyera, mlongo wanga anandibwezera makiyi. Ndinatsegula buti monga ndimachitira nthawi zonse ndisananyamuke. Batire linali pamalo pake, lamba womangidwa, nthambo yolumikizidwa. Linkaoneka loyera kuposa mmene ndinalisiyira. Pamwamba pake panali bakuli lalikulu lokulungidwa m'nsalu, lotenthera. Ndinaganiza kuti amayi akukhitchini atiikira kamba wa panjira, ndipo ndinatseka buti. Pali anthu amene anandifunsa pambuyo pake chifukwa chake sindinachotse bakulilo kuti ndidine kabatani. Ndimawayankha kuti munthu akasiya ndowa yodzaza m'chipinda chokhoma, sabwera ndi ndodo kudzayesa madzi.

Wofedwa sayenda yekha, choncho anandipatsa wondiperekeza. Anali mayi woyandikana nyumba ndi malemu, mnzawo wa zaka zambiri, munthu wamtima wabwino amene pakamwa pake sipapuma. Chinyanja chake n'chosakaniza ndi Chibemba, ndipo kuyambira pachipata mpaka kutuluka m'tauni ya Ndola anali atandiuza kale amene analira moona, amene analira mwachinyengo, ndi amene anabisa nyama m'chikwama. Ine ndinkangoyang'ana msewu. Tinadutsa mphambano ya ku Luanshya, chizindikiro cha batire la galimoto chili pansi monga ndinkayembekezera.

"Koma ba Ticha, Mulungu akudalitseni," anatero mayiyo. "Chija chisutikesi chanu cha malaiti! Awe mukwai, chatichotsa manyazi."

"Chisutikesi chiti, aneba?"

"Chija cha kumbuyoku. Firiji yonse ija ya nyama, ndi icho. Limba la akwaya, ndi icho. Mafoni a anthu onse aja, mpaka a ku Malawi anatchaja pomwepo. Dzulo ndiye tinalumikiza ketulo, tiyi wa abusa. Chinagwira ntchito mpaka chinayamba kulira chokha, tii, tii, ngati mwanapiye. Ndiye tinati chatopa, tichibweze."

Ndinatambasula dzanja n'kudina batani la pafupi ndi chiwongolero. Kagetsi kamene kamayaka kobiriwira kanaphethira kofiira, n'kuzima. Ndinadinanso. Sikanayakenso n'komwe.

"Tinachipukuta bwino," anapitiriza mayiyo. "Ndinapukuta ndine, ndi nsalu yonyowa, kenako youma. Mbatata zija ndi mtedza ndaika ndine. Chinthu chobwereka sungachibweze chopanda kanthu, ba Ticha, si mwambo."

Zimenezo n'zoona, ndipo ine ndinaleredwa momwemo. Mnzako akakupatsa ndiwo m'mbale, mbaleyo umaitsuka n'kuikamo kanthu, kaya ndi tomato, kaya ndi mchere, ndiye n'kuibweza. Mayi aang'ono anandikwapulapo ndili mwana chifukwa chobweza mbale ya eni yopanda kanthu. Anthu a ku Pamodzi anachita zonse monga mwa mwambo. Anabwereka, anasamala, anapukuta, anabweza pamalo pake, n'kuikapo chothokozera. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza kuti chimene anabwereka sichinali chitsulo chimene anapukutacho, koma mphamvu imene inali m'kati mwake, ndipo imeneyo anali ataimaliza yonse.

Galimoto yanga ikatsala pang'ono kuima imaonetsa kachithunzi ka kamba. Kambayo anaoneka tili pakati pa tchire, kutali ndi Ndola, kutalinso ndi Kitwe. Tinayenda pang'onopang'ono, malole a mkuwa akutiimbira mahutala kumbuyo, mpaka ndinapatukira pambali pamene anthu ena ankagulitsa makala. Pamenepo inaima. Galimoto yamagetsi ikaima siichita phokoso lililonse. Imangokhala chete ngati mwana amene wakana kutumidwa.

Ndinaimbira foni mlongo wanga.

"Achimwene, batire langa munalitani?"

"Aa, asisi, tabweza. Simunalione? Lili kubuti."

"Ndaliona. Ndikufunsa za moto wake."

Kumbuyo kwake ndinkamva amayi akuimba.

"Asisi, nanga si munabwera nalo pamaliro? Ufa munabwera nawo, tadya. Kabichi munabwera naye, tadya. Ndiye ife tinaona kuti..."

"Ufa ndinakupatsani ndi manja anga."

"Makiyinso munandipatsa ndi manja anu, asisi."

Ndinamuuza kuti akanayenera kundifunsa. Anati sakanalowa pakati pa amayi olira, kugwada pamaso pa wofedwa, n'kuyamba kufunsa za soketi. Anawonjeza kuti ngakhale akanafunsa, ine sindikanakana anthu onse aja akumva, nyama ya maliro a mayi anga ikuwola m'firiji. Ndinamuuza kuti ndikanakana. Anati, "Ndiye n'chifukwa chake, asisi," osamaliza.

Ndinamupempha kuti atumize galimoto ina. Anati ina yapita kukatenga nkhata za maluwa, ina ili ndi abusa, lole ikudikira kunyamula anthu. Ndinamuuza kuti akauze mayi wapampando kuti asawaveke mayi ine ndisanafike. Anati adzawauza, koma kumochale kumakhala mzere wa mabanja ena, ndipo galimoto yonyamula bokosi inali ndi maliro ena masana.

"Kwerani minibasi, asisi. Mufika."

Mayi wondiperekeza uja anati iye atsala kulonda galimoto, popeza yosalondedwa pamsewu umenewo akhoza kuipeza ilibe matayala. Anatsitsa bakuli lake, anakhala pampando wakutsogolo chitseko chili chotsegula, n'kundipatsa mbatata imodzi kuti ndidye panjira. Ndinaikana.

Ndinaima m'mphepete mwa msewu ndikukweza dzanja, ine amene ndimaphunzitsa atsikana kuti mkazi wodzilemekeza saimitsa galimoto pamsewu. Maminibasi a m'mawa amachoka ku Ndola atadzaza, ndipo ankangodutsa, makondakitala akuloza galimoto yanga n'kumaseka. Dzuwa linakwera ndikuliona. Imene inaima pomaliza inalibe mpando, ndipo anandikhazika pa chitsulo chotentha kumbuyo kwa dalaivala, nditayang'anizana ndi anthu onse, mawondo anga akugundana ndi a bambo wina amene anali ndi thumba la nsomba zouma.

Ku Kitwe ndinatenga takisi mpaka kunyumba. Ndinatsegula tiranki. Yunifomu inali monga ndinaisiyira, yoyera, youma gwa ndi sitachi, kolala yake yosongoka mbali zonse ziwiri mofanana. Ndinafuna kuipitsa ayironi pamene panali mizere ya kupinda, koma kwanganso kunalibe magetsi, ndipo nthawi yokoleza makala panalibe. Ndinaikulunga m'nsalu ya pabedi yoyera, ndinainyamula m'manja awiri, n'kubwerera kusiteshoni ya pafupi ndi Chisokone.

Minibasi ya ku Ndola inkaoneka yotsala pang'ono kudzaza.

"Ba mayo, lowani, tinyamuka manje manje," anatero kondakitala. "Mwatsala ndinu nokha."

Ndinalowa. Nditangokhala, anyamata atatu amene anali kumbuyo anatsika n'kukaima panja. Anali aja amene amawakhazika m'basi kuti izioneka yodzaza. Munthu weniweni akalowa, mmodzi wa iwo amatuluka, ndipo basiyo imakhala yotsala pang'ono kudzaza mpaka kalekale. Ndinamuuza kondakitalayo kuti ndikupita kukaveka mtembo wa mayi anga.

"Pepani, ba mayo," anatero, atavula chipewa. Kenako anatembenuka n'kuyamba kukuwa, "Ndola! Ndola! Mmodzi yekha!"

Dalaivala ankaliza injini, kusuntha pang'ono, n'kubwereranso. Wogulitsa mazira owiritsa analowetsa mutu pawindo, wogulitsa mankhwala a makoswe anabwera pambuyo pake. Foni yanga inalira kawiri. Anali mayi wapampando. Ulendo woyamba anafunsa kuti ndili pati. Ulendo wachiwiri anangoti, "Ba Ticha, atiitana. Ndife otsatira." Ndinawapempha kuti alole banja lina lilowe patsogolo pathu. Anati alola kale mabanja awiri.

Tili m'njira ndinaiona galimoto yanga tsidya lina la msewu. Mayi uja anali atakhala pansi pamthunzi ndi amayi ogulitsa makala, bakuli lili pakati pawo, onse akudya. Anaizindikira nkhope yanga pawindo n'kuimirira, akugwedeza manja onse awiri. Iye sanaone nkhope ya mnzake wa zaka zambiri, ndiponso kumanda sanafike. Mpaka lero sanadandaulepo za zimenezo, ndipo kusadandaula kwakeko kumandivuta, chifukwa kumandisowetsa pomukwiyira.

Kumochale sindinapiteko, ndinadziwa kuti kulibe aliyense. Ndinafika kutchalitchi mapemphero ali pakati. Bokosi linali kutsogolo, lotseka, maluwa ali pamwamba. Amayi a mpingo anakhala mbali yawo, mizere yoyera ya mabulauzi ndi maduku. Pakati pa mzere woyamba panali munthu mmodzi yekha wovala juzi yabulawuni ndi chitenje kumutu. Anali mayi wapampando. Ndisanafike pamene anakhala ndinali nditadziwa kale chimene chachitika.

Anandisunthira malo, n'kundinong'oneza.

"Tinakudikirani mpaka anatikalipira. Yawo ya Lachinayi ija tinaifuna m'nyumba monse, akuti anabwereka mdzukulu wawo wa ku Luanshya. Sitikanawagoneka ndi diresi ngati munthu wosapemphera. Ndavula yanga."

Ndinakhala ndi mtolo wanga pamiyendo, ulaliki wonse osamva ngakhale liwu limodzi. Mayi wapampando ndi munthu wathupi, ndipo mayi anga anali atatsala mafupa okhaokha. Ndinkaganiza za bulauzi yaikuluyo, yovulidwa pathupi la munthu amene wakhala akuthamangathamanga kuyambira m'mawa, yosachapa, yosasita.

Nthawi yoona nkhope itayandikira, ndinawauza mayi wapampando kuti ndikufuna kuwasintha mayi. Anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Muno m'tchalitchi? Anthu onsewa? Thupi lauma kale, ba Ticha. Sizichitika."

"Ndiye duku lokha."

Anapita kukanong'oneza mayi busa, mayi busa anakanong'oneza abusa, abusa anayang'ana wotchi yawo n'kugwedeza mutu movomera. Atatsegula bokosi, amayi angapo anaimirira molizungulira atatambasula zitenje kuti anthu asaone, akuimba motsitsa mawu. Ndinalowa pakati pawo. Mayi anagona bwino, nkhope yawo ili phee. Bulauzi anali ataikokera kumsana n'kuigwiritsa ndi mapini, koma m'mapewa inkaonekabe kuti ndi ya munthu wina. Kolala mbali imodzi inali itapindikira m'kati. Ndinamasula duku lobwerekalo, ndinawatukula mutu ndi dzanja langa lamanzere, n'kuwamanga lawo, mfundo yake kumbuyo, nsonga zake zobisika, monga ankamangira okha. Kolala ija ndinaiwongola ndi zala. Inabwerera. Ndinaiwongolanso, ndikuikanikiza ndi chala chachikulu, koma nsalu yopanda sitachi simva. Mayi busa anandigwira phewa, zitenje zinatsika, ndipo anthu anayamba kudutsa.

Galimoto anakaikoka madzulo ndi chingwe, mnzake wa mlongo wanga ndi amene anathandiza. Inakhala pabwalo ku Pamodzi mpaka magetsi anabwera, nthambo itadutsa pawindo la chipinda chodyera monga kale.

Mawa lake panali msonkhano wa banja. Mwamuna wamkulu wa kuchimuna anaimirira kuthokoza onse amene anathandiza. Anatchula amene anabweretsa tenti, amene anabweretsa nkhuni, amene anapereka lole. Kenako anati, "Koma mwapadera tithokoze mwana wathu wa ku Kitwe chifukwa cha batire lake. Pamodzi yonse inali mumdima, koma pasiwa pathu panali powala. Anthu akunena mpaka pano." Onse anaomba m'manja. Mlongo wanga anaomba kwambiri kuposa onse, osandiyang'ana. Ine ndinaweramitsa mutu monga amachitira munthu woyamikiridwa, popeza panalibe china choyenera kuchita pamaso pa akuluakulu.

Zitatha izi mayi busa anadzutsa nkhani ina. Anati mayi wapampando anapereka bulauzi yawo, ndipo ina alibe. Chimene chapita kumanda sichibwezedwa, koma munthu amene wakuvekera kholo lako sungamusiye wopanda chovala. Sanatchule dzina langa. Anangoyang'ana mtolo woyera umene unali pambali panga, ndipo amayi onse anayang'ana komweko.

Ndinafuna kunena kuti bulauziyo siwakwana. Ndinafuna kunena kuti ndiwasokera ina, yabwino kuposa imeneyo, sabata lisanathe. Koma mayi wapampando anali atayamba kale kulira, akuti sakuyenera kuvala chovala cha munthu woyera mtima ngati malemu, ndipo amayi ena anali atayamba kale nyimbo. Ndinamasula mtolowo, ndinagwada, n'kuipereka ndi manja awiri. Anapita nayo kwa telala wa pamsika, amene anaiwonjezera nsalu m'mbali. Nsalu yake ndi yoyera mosiyana ndi inzake, ndipo munthu wodziwa kusoka amaona ali patali.

Nditabwerera ku Kitwe ndinapita kwa wowotcherera zitsulo. Batire lija tsopano lili m'kachitetezo ka zitsulo kokhoma ndi loko, ndipo masoketi ake ndinawatseka ndi chitsulo chomangidwa ndi mabawuti, monga ndinanenera tsiku loyamba. Kiyi wake sakhala pamodzi ndi makiyi a galimoto. Achibale akudziwa, ndipo ndamva zimene amanena. Mwezi wathawu mlongo wanga anaimba foni kukambirana za mwambo wovundukula mwala wa pamanda. Titamaliza za mwalawo anatsokomola pang'ono.

"Asisi, paja tsiku limenelo kudzakhala kwaya. Ndiye timaganiza kuti mwina chija..."

"Mubwereke jenereta, achimwene."

"Jenereta imasokosera, asisi."

"Isokosere."

Amayi a mipingo yathu ya ku Kitwe ndi ku Ndola amakhala ndi misonkhano ya pamodzi, ndipo ine sindijomba. Galimoto imandifikitsa n'kundibweza popanda kupempha soketi kwa munthu. Pamisonkhano imeneyi mayi wapampando amakhala kutsogolo, ine mzere wachiwiri, kumbuyo kwawo kwenikweni. Ulaliki wonse ndimakhala ndikuyang'ana kolala ya mayi anga pakhosi pa munthu wina. Sitachi inatha kalekale. Nsonga imodzi imagona, inzake imaloza kumwamba.

Ulendo wathawu ndinalephera kupirira. Titatuluka ndinawakokera pambali, n'kuwauza mwaulemu kuti azindipatsa bulauziyo ndizikawachapira ndi kuwasitira ku Kitwe, ndizibwera nayo.

Anaseka, n'kundigwira dzanja.

"Awe, ba Ticha, mwatichitira kale zambiri. Ndimasita ndekha, malaiti akabwera."

Anatembenuka kupita kukalandira alendo ena. Ndinatambasula dzanja kuti ndiwongole nsonga ija, koma anali atapita kale.